Ndani Ali Pamwamba pa Aulutsi Athu? Mndandanda wa Mlimi Mmodzi

Awa ndi mawu amene analankhula membala wathu, mlimi wa nandolo ndi thonje, pa msonkhano wa makalabu a omvera umene unachitikira ku Cuamba pokumbukira Tsiku la Wailesi, pa 13 Febuluwale. Tawalemba monga anawalankhulira.

Zikomo a wapampando. Mafumu athu, amayi ndi abambo, achinyamata, komanso inu alendo athu amene mwachokera ku Mandimba ndi ku Ngauma, moni nonse. Ndikudziwa kuti mwasiya makasu kumunda, ndipo mwezi uno udzu sudikira munthu, ndiye ndilowa m'nkhani msanga.

Komiti inandipatsa funso ili: mwa anthu onse amene timawamva pa wailesi, aulutsi a mpira ndi ochititsa mapologalamu a zokambirana, woyamba ndani, wachiwiri ndani, wachitatu ndani? Funsoli si lachilendo. Timakangana nalo pa bawo, pa chigayo, ngakhale pa siwa anthu akatopa ndi kuyimba. Koma chaka chino lalemera, chifukwa makalabu athu agwirizana kuti tikakolola tipereke mphatso kwa muulutsi mmodzi wa mpira ndi mmodzi wa zokambirana. Mphatso imeneyo ichokera m'nkhokwe zathu. Ndiye tiyenera kudziwa bwino chimene tikuyamikira, kuti chimanga chathu chisapite kwa munthu chifukwa choti ali ndi mawu aakulu basi.

Ine sukulu ndinalekezera ku pulayimale. Koma khutu langa lakhala pa wailesi chiyambire ndili mwana, ndipo kumvera sikufuna satifiketi. Ndikupatsani mndandanda wanga, inu mukaupete ngati mpunga.

Khutu limodzi, mayiko awiri

Tisanatchule mayina, tiyambe tadzifunsa chifukwa chake mkangano umenewu sutha kuno kwathu. Ine ndimaona zifukwa zitatu.

Choyamba ndi mbiri yathu. Pa nthawi ya nkhondo, anthu a ku Mozambique pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ndipo ambiri mwa makolo athu anali m'gulu limenelo. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anabwerera ndi mapoto, njinga, ndi chizolowezi chomvera MBC. M'mudzi umodzi mumapezeka wailesi ya Xirico ya kuno ndi wailesi ya Nzeru ya ku Malawi. Ife ana tinakula ndi zonse ziwiri. N'chifukwa chake munthu mmodzi yemweyo amakonda Mambas komanso amadziwa osewera a Flames, ali ndi timu yake mu Moçambola komanso ali ndi mbali yake Maule akakumana ndi Manoma ku Blantyre.

Chachiwiri ndi mlongoti. Mawu a munthu amafika pamene mlongoti wa wailesi yake wawafikitsa, sapitirira. Anzathu a ku Mandimba ali khomo ndi khomo ndi Chiponde, ndiye mawailesi a ku Malawi amawalowera m'nyumba ngati mphepo. Kuno ku Cuamba tatalikira, chimene timagwira bwino ndi Rádio Moçambique ndi wailesi yathu ya m'dera. A ku Ngauma ali kumapiri, kuyandikira ku Lichinga. Ndiye wa ku Mandimba akatchula munthu wa ku Blantyre, wa ku Cuamba amatchula wa ku Maputo, ndipo aliyense amaona ngati mnzakeyo ndi gonthi. Palibe gonthi apa. Amva zosiyana basi.

Chachitatu ndi nthawi. MBC inayamba mu 1964, ndipo m'zaka zonse za Kamuzu inali wailesi yokhayo m'dziko muja. Rádio Moçambique inayamba mu 1975, nayonso inakhala yokha zaka zambiri. Masiku amenewo, munthu akangopatsidwa mayikolofoni, dziko lonse limamudziwa, poti kunalibe kwina kotembenuzira. Kenaka zinthu zinasintha. Ku Malawi kunabwera Radio 2 mu 1997, Capital FM ndi Radio Maria ya ku Mangochi mu 1999, Zodiak mu 2005. Kuno kwathu kunabwera mawailesi a m'madera, monga yathu ino ya Cuamba imene inayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ndi thandizo la UNESCO. Mnyamata wa lero akulimbirana makutu ndi mawailesi ambirimbiri, kuphatikizapo foni ya m'manja. Mdala wakale sanalimbirane ndi munthu. Tikamawayika pa sikelo imodzi tizikumbukira zimenezi.

Ndiye mwaona kuti kutchuka kuli ndi makolo ake: mlongoti wautali, chilankhulo chimene ambiri amamva, ndi kubadwa pa nthawi yabwino. Luso limabwera pambuyo pa zimenezi. Chifukwa cha ichi ndabwera ndi mindandanda iwiri. Wina ndi wa kutchuka, wina ndi wa phindu. Koma poyamba tigwirizane za muyeso, chifukwa ife alimi tikudziwa zimene zimachitika pamsika aliyense akabwera ndi sikelo yakeyake.

Muyeso wa muulutsi wa mpira

Ntchito ya munthu wa relato, monga timanenera kuno, ndi kubwereketsa maso. Ine ndili pakhonde, bwalo lili ku Machava kapena ku Kamuzu Stadium. Iye andiuze mpira uli pati, uli ndi ndani, ukupita mbali iti. Ndikatsinzina ndizitha kuona kuti tsopano tili pakati pa bwalo, tsopano tafika pakona, tsopano goloboyi watuluka. Alipo ena amakuwa chiyambire mpaka mapeto. Iwe mtima uli m'mwamba, kuganiza kuti chigoli chili pafupi, chikhalirecho mpira uli kunja, mwana akukautola. Ameneyo akutinamiza ndi mawu. Wodziwa ntchito amatsika mpira ukazizira, amakwera mpira ukatentha, ndipo mawu ake okha amakuuza kuti imirira.

Chinanso, azinena zigoli ndi mphindi kawirikawiri. Izi anthu a m'tauni saziganizira. Mlimi sayamba mpira pa mluzu woyamba. Amachokera kudimba, wamangirira mbuzi, watsegula wailesi mpira uli pakati. Akakhala mphindi khumi osamva kuti akutsogola ndani, muulutsiyo wamuiwala. Ena a ife timatsegula ndi kutseka pofuna kusunga mabatire, ndiye tikatsegula tipeze nkhani.

Azidziwanso osewera, mayina awo atchule bwino, asangoti "nambala 7 wapatsira nambala 10" ngati akuwerenga matumba a thonje. Ndipo abise malaya ake. Timu ya dziko ikamasewera timamulola kukhala ndi mtima, tonse tili mbali imodzi. Koma Bullets ikakumana ndi Wanderers, kapena Costa do Sol ndi Ferroviário de Maputo, omvera ali mbali zonse ziwiri. Tikangozindikira kuti chigoli cha uku akuchilira ngati maliro, cha uko ngati ukwati, ulemu wake watha.

Nthawi imene timaonera kufunika kwa anthu amenewa ndi pamene mpira uli kutali. Mu Januwale 2010 matimu athu onse awiri anali ku Angola ku chikho cha Africa, ndipo pa 11 Januwale Flames ya Kinnah Phiri inachinya Algeria 3-0. Mu 2021, pa mpikisano wopita ku World Cup, Malawi ndi Mozambique anakumana kawiri. Mu Sepitembala anasewerera ku Johannesburg, Malawi n'kupambana 1-0. Mu Novembala anasewerera ku Cotonou m'dziko la Benin, Mozambique n'kubweza 1-0. Tangoganizani, mayiko ogawana mpanda, mpira wawo n'kukaseweredwa kutali choncho chifukwa mabwalo a kwawo anali asanavomerezedwe. Ndani wa ife akanafika kumeneko? Ndiye pa 22 Januwale 2024 ku Abidjan, Ghana inali patsogolo 2-0 mphindi 90 zitatsala pang'ono kukwana, usiku utapita kale. Geny Catamo anamwetsa penate, kenaka Reinildo anagoletsa ndi mutu, mpira n'kutha 2-2. Amene anatseka wailesi kupita kukagona anamva m'mawa kwa ana. Muulutsi wabwino ndi amene amakugwira dzanja kuti usatseke.

Mndandanda wa kutchuka: a mpira

Pa nambala 1 ndikuyika Steve Liwewe Banda, amene anaulutsa mpira pa MBC zaka zambirimbiri. Ndikuona a ku Cuamba mwayamba kupukusa mitu, dikirani. Ndamuyika pamenepo chifukwa ku mbali ya malire, kumene ine ndinakulira, dzina lake linafika posanduka dzina la ntchito. Mwana akatenga chitsononkho n'kumakuwira anzake akusewera mpira wa chikulunga, akuluakulu amati, "Taonani Liwewe uyo." Munthu dzina lake likalowa m'masewera a ana a dziko lina, ameneyo watchuka, palibe zokangana.

Pa nambala 2, malemu João de Sousa wa Rádio Moçambique. Kwa amene anakula akumvera relato ya Chipwitikizi, uyu ndiye mwini bwalo, ndipo mukamuyika poyamba sindikwiya nanu. Anagwira ntchitoyi zaka zochuluka, anaona mpira wa dziko lino kuyambira kale. Chimene chamutsitsa pa mndandanda wanga ndi chilankhulo chokha. Agogo anga akazi pa relato yonse ya Chipwitikizi amamvapo mawu amodzi, "golo", ndiye amafunsa adzukulu kuti wagoletsa ndani. Kuno kwathu anthu otero ndi ambiri.

Pa nambala 3 ndikuyika gulu, anyamata a Rádio Moçambique a m'zigawo amene amatipatsa Moçambola kumapeto kwa sabata. Wina ali ku Beira, wina ku Songo, wina ku Nampula, akupatsirana mawu ngati mpira. Ferroviário de Lichinga italowa mu Moçambola mu 2021, ife a ku Niassa tinamva dzina la chigawo chathu likutchulidwa pamodzi ndi akuluakulu, ndipo amene anatibweretsera chimwemwe chimenecho ndi iwowa.

Pa nambala 4, aulutsi a mpira m'Chichewa a mawailesi a ku Malawi, monga Zodiak ndi Radio 2. Awa mphamvu yawo ndi nthabwala ndi miyambi. Mpira ungakhale wozizira bwanji, iwo amauthira mchere, amayi ali pamtondo n'kumaseka nawo. Ku Mandimba ndi otchuka kwambiri, kuno amafika mwa apo ndi apo.

Pa nambala 5, kumapeto kwenikweni, ndi mnyamata wa wailesi ya m'dera. Palibe amamudziwa kupitirira pamene mlongoti wake walekezera. Musamuiwale, tibwereranso kwa iye.

Muyeso wa wochititsa zokambirana

Uyu ntchito yake ndi yolemera kuposa ya wa mpira, chifukwa mpira ukatha timagona, koma nkhani za mitengo, chipatala, msewu ndi minda timadzuka nazo. Wa mpira amabwereketsa maso. Wa zokambirana amabwereketsa pakamwa. Amafunsa bwana funso limene ine ndikanafunsa ndikanaloledwa kulowa mu ofesi.

Ndimamuyesa chonchi. Kodi akafunsa funso, bwana n'kuyankha zina, amabwerezanso? Akuluakulu ambiri ali ndi luso lozungulira ngati galu wofuna pogona. Wochititsa wabwino amadikira mwaulemu, kenaka n'kunena kuti, "Zikomo bwana, koma ndinafunsa kuti mankhwala afika liti." Funso lachiwirilo ndiye ntchito yonse. Loyamba aliyense akhoza kufunsa.

Kodi amalola woyimba foni kumaliza mawu ake? Kuyambira pamene Movitel inafika mu 2012 ndi kumanga milongoti m'midzi, ambiri a ife tinayamba kuyimba ku wailesi. Koma mayunitsi ndi ndalama. Mayi wagulitsa tomato, wagula mayunitsi, wayimba, ndiye wochititsa n'kumudula pakati chifukwa sakulankhula Chipwitikizi chosalala. Tsiku lina mayi ameneyo sadzayimbanso. Pologalamu imatsala ndi abambo asanu omwewo, oyimba tsiku ndi tsiku, odziwa chilichonse.

Kodi amatembenuza mawu? Dera lathu lino lili ndi Chimakua, Chiyao, Chinyanja ndi Chipwitikizi. Mlangizi akafotokoza za mankhwala a thonje m'Chipwitikizi, wochititsa abwereze m'chilankhulo chathu, muyeso wake ndi masiku ake, osadumpha. Kulakwitsa apa ndi kuwotcha munda wa munthu.

Kodi amabwereranso ku nkhani? Bwana akalonjeza kuti mjigo ukonzedwa mwezi uno, mwezi wamawa wochititsa akumbutse. Lonjezo la pa wailesi likapanda womulondola limauluka ndi mphepo yomweyo imene inalibweretsa.

Chomaliza, kodi m'thumba mwake muli dzanja la ndani? Munthu akalandira kangachepe kwa mlendo wake, mafunso amafewa. Omvera sitiona envulopu, koma timamva kufewako.

Mndandanda wa kutchuka: a zokambirana

Pa nambala 1, Gospel Kazako. Anayambira ku MBC, kenaka mu 2005 anatsegula Zodiak, wailesi imene inayika Chichewa ndi munthu wa kumudzi patsogolo. Pologalamu ngati Tiuzeni Zoona inaonetsa anthu kuti nduna ikhoza kufunsidwa m'chilankhulo cha kumudzi n'kutuluka thukuta. Mu 2020 iye mwini anakhala nduna yofalitsa nkhani ku Malawi. Pa kutchuka palibe womuposa, poti anamanga nyumba imene ena ambiri atchukiramo.

Pa nambala 2, Brian Banda. Anadziwika ndi Straight Talk pa Capital FM, kenaka anapita ku Times. Uyu ndi mwini funso lachiwiri lija. Mu 2020 anakhala mneneri wa pulezidenti Lazarus Chakwera, patapita nthawi n'kubwerera ku Times. Kuno ambiri tinamudziwira pa foni, pa tizidutswa timene achibale amatitumizira pa WhatsApp. Zimenezi zikutionetsa kuti masiku ano kutchuka kwapeza njira ina yodutsira malire.

Anthu awiriwa akutiphunzitsa kanthu kena. Wofunsa mafunso akatchuka kwambiri, boma limamuona, limamuitana. Si tchimo, munthu aliyense amafuna kukwera. Koma tsiku limene wakhala pampando woyankha, mpando wofunsa umatsala wopanda munthu, ndipo omvera ayenera kupeza wina.

Pa nambala 3, malemu Emílio Manhique wa Jornal da Manhã pa Rádio Moçambique. Aphunzitsi, anamwino ndi ogwira ntchito ku njanji kuno ku Cuamba ankadzuka ndi mawu ake. Pambali pake ndikuyika pologalamu ya Linha Directa, imene inazoloweretsa dziko lino kuti munthu wamba akhoza kuyimba foni n'kufunsa wolamulira.

Pa nambala 4, malemu Maria Chidzanja Nkhoma, amene anagwira ntchito ku MBC, ku Channel Africa ya ku South Africa, ndi ku Zodiak, ndipo anatisiya mu Januwale 2021. Amayi muli pano, ndikudziwa ena mukanamuyika poyamba. Pa mndandanda wonsewu mzimayi ndi yekhayu, pamene m'makalabu mwathu amayi ndiye ambiri. Chimenechi chokha ndi nkhani yoti tikambirane tsiku lina.

Pa nambala 5, kachiwirinso kumapeto, wochititsa zokambirana wa wailesi ya m'dera.

Mndandanda wa phindu

Tsopano titembenuze pepala. Funso lisakhalenso loti akudziwika ndi anthu angati. Likhale loti, mawu ake anasintha chiyani pakhomo panga?

Mukukumbukira 2017. Tinalima nandolo wambiri chifukwa zaka za m'mbuyo mtengo unali wabwino. Mu Ogasiti chaka chimenecho dziko la India, limene limagula nandolo wathu wambiri, linachepetsa wolowa m'dziko mwawo, mtengo n'kugwa pansi kuno ndi ku Malawi komwe. Nkhani ya India tinaimva pa mawailesi aakulu, zoona. Koma mlimi samagulitsa ku India. Amafuna kudziwa kuti lero pamsika wa kwawo kilo ikupita pa zingati, ogula afika mudzi uti, ndipo sikelo zawo zili bwanji. Munthu wa ku Maputo kapena ku Lilongwe sangakuuze zimenezo. Angakuuze ndi amene amapita pamsika womwewo ndi njinga. Chimodzimodzi boma likalengeza mtengo wotsikitsitsa wa thonje chaka ndi chaka: amene amaubwereza m'chilankhulo chathu mpaka agogo aumve, kuti asaberedwe pa sikelo, ndi wa pafupi.

Mukukumbukiranso kolera imene inayamba m'chigawo chathu cha Niassa mu Sepitembala 2022, ndi namondwe Freddy amene analowa kachiwiri m'dziko lino cha ku Quelimane mu Malichi 2023, mvula yake n'kutifika kuno. Pa nthawi ngati imeneyo dzina lalikulu silikuthandiza. Ukufuna womva kuti mtsinje wakuti wadzadza, mlatho wakuti usawoloke, madzi akumwa uwathire mankhwala motere, odwala apite kwakuti. Onjezanipo za tsiku ndi tsiku: uthenga wa maliro, mwana wosowa, ng'ombe yosochera, tsiku la sikelo ya ana, tsiku lobwera alangizi. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Nanga mnyamata wa mpira uja? Taganizani mmene amagwirira ntchito. Alibe kanyumba kokhalamo pamwamba pa bwalo. Waima m'mphepete mwa mzere, dzuwa lili pamutu, foni ili kukhutu, akuyimbira ku situdiyo. Anthu akumukankha, fumbi likumulowa m'kamwa. Osewera ena malaya awo alibe manambala, koma iye amawadziwa nkhope, amadziwa ndi mudzi umene aliyense akuchokera. Mayunitsi akatha relato yathera pomwepo. Koma ndi iye yekha pa dziko lonse lapansi amene adzatchule dzina la mwana wanu pa wailesi tsiku limene wagoletsa. Steve Liwewe Banda sadzamutchula. Ndipo timu ya m'boma ikamamveka pa wailesi, anthu amabwera kubwalo, amalonda amayamba kuganiza zogula mpira ndi malaya, ana amapeza chochita Lamlungu masana m'malo mwa kachasu.

Palinso nkhani ya kulimba mtima. Wa mumzinda waukulu akapanikiza nduna, amakwera galimoto n'kupita kwawo, kumbuyo kwake kuli kampani ndi maloya. Wathuyu akafunsa funso lowawa, mawa akumana naye bwanayo pamsika, mwina mkazi wake amagwira ntchito pansi pa bwana yemweyo. Dziko lino lili ndi lamulo la ufulu wodziwa zinthu, limene linakhazikitsidwa mu 2014, koma lamulo lili pa pepala, munthu ali pa njinga usiku akubwerera kwawo. Tisaiwale Ibraimo Mbaruco, mtolankhani wa wailesi ya m'dera ya ku Palma ku Cabo Delgado, amene anasowa pa 7 Epulo 2020. Anali wa wailesi yaing'ono ngati zathuzi. Ndiye funso limodzi lolimba lofunsidwa kuno ndimaliwerengera ngati mafunso khumi a ku likulu.

Pa mndandanda wa phindu, tsono, a nambala 5 aja akwera kufika pa nambala 1. Pambuyo pawo ndikuyika aulutsi a Rádio Moçambique ku Lichinga amene amalankhula Chinyanja, Chiyao ndi Chimakua. Mayina aakulu aja akubwera pachitatu. Sindikuwanyoza ayi. Iwo ndi aphunzitsi, anationetsa mmene ntchitoyi imagwiridwira ikagwiridwa bwino, ndipo muyeso umene ndakupatsani uja ndinautola pomvera iwowo.

Koma pano ndichenjeze. Kukhala wa kwathu si chiphaso. Muyeso ndi womwe uja. Wa kwathu akamafika mochedwa, akamatha theka la pologalamu akupereka moni kwa anzake, akamaopa funso lachiwiri, akamadula amayi pa foni, mphatso yathu isamuone. Tikamupatsa chifukwa choti ndi mwana wa achemwali, tapha wailesi ndi manja athu.

Zimene ndikupempha

Ambiri mwa ana amene amagwira ntchito m'mawailesi a m'madera ndi ongodzipereka. Amaphunzira ntchito, amayamba kukoma m'makutu, kenaka njala imawatenga kupita ku Nampula kapena ku Lichinga, kapena amangosiya n'kukayamba geni. Ife timatsala tikudandaula kuti wailesi yazizira. Ndiye ndili ndi mapempho anayi.

Loyamba, kalabu iliyonse ikhale ndi kope. Tikamvera limodzi, mlembi alembe tsiku, pologalamu, funso limene linafunsidwa, lonjezo limene linaperekedwa, ndi ngati wochititsa anabwereranso ku nkhaniyo. Pa mpira alembe ngati tinamva zigoli ndi mphindi, ndi ngati muulutsi anakondera. Nthawi yosankha ikafika titsegule kope, tisadalire amene ali ndi pakamwa pamphamvu mu kalabu.

Lachiwiri, posankha amayi akhale paokha, abambo paokha, achinyamata paokha, kenaka tiphatikize. Tikasankhira pamodzi mukudziwa kale amene alankhule.

Lachitatu, mphatso ikhale iwiri monga tinagwirizana, koma pambali pake membala aliyense apereke chitini chimodzi cha nandolo kapena chimanga. Tikagulitsa, ndalamayo ikhale ya mayunitsi a relato ndi yokonzera njinga za atolankhani, ndipo msungichuma aziwerenga poyera mmene yayendera. Mutu umodzi susenza denga. Thandizo likachokera kwa ife omvera, mwanayo sadzafunika kuyang'ana m'thumba mwa bwana.

Lachinayi, tipemphe mawailesi athu kuti mpira wa m'maboma athu atatuwa uziulutsidwa m'zilankhulo zathu, ndi wa atsikana womwe, ndipo pa maphunziro a aulutsi atsopano atsikana asachepe. Ifenso tikamayimba foni tizitchula mudzi wathu, funso limodzi lomveka, n'kupereka mpata kwa ena.

A wapampando, mndandanda wanga ndi umenewo. A ku Cuamba amene mukufuna João de Sousa akwere pa nambala 1, ndi amayi amene mukufuna Maria Chidzanja Nkhoma akwere, mpata ndi wanu tsopano, ndipo mlembi ali ndi cholembera. Chimene ndikupempha kuti tisachoke pano tisanagwirizane ndi tsiku loyamba kulemba m'kope ndi tsiku losonkhetsa zitini.

Mulungu atipatse mvula yabwino.